Chikwangwani Choletsa Boti la Lamulungu

Amuna anga, bambo a Esnati, ndi kalipentala ku Keko, ndipo ntchito ya manja awo palibe amene angainyoze. Akakukhomerani bedi mudzagonapo inu, ana anu ndi adzukulu omwe. Chilema chawo n'chimodzi: akamaliza kuwongola matabwa amayamba kuwongola anthu. Tinafika mu Dar es Salaam muno Esnati ali kumsana, tinapeza nyumba ku Kawe, ndipo lero Esnatiyo ali ndi ana ake amene Chichewa amangochimva, poyankha n'kuyankha m'Chiswahili. Ine kwathu n'ku Dedza. Iwo kwawo n'kuchilumba china m'nyanja ya Malawi, koma dzina lake ndilisunga poti ndine mtengwa wa kumeneko ndipo ndikufunabe kumapatsidwa moni.

Kuchilumbako Lamulungu ndi Lamulungudi. Ukonde sulowa m'madzi, chigayo sichilira, wogulitsa mandasi amabisa beseni kuseri kwa chitseko. Maboti ochokera ku Nkhata Bay ankafika masiku ena, koma Lamulungu padoko pankangoyenda abakha. Ndiye kunatulukira mwana wa komweko, dzina lake Yohane, amene atagula injini yatsopano anayamba kuwolotsa anthu tsiku lopatulikalo. Iye ankati odwala, aphunzitsi ndi a geni nawonso ndi anthu, ndipo matenda sayang'ana kalendala. Anthu anagawikana, ena mpaka kusiya kubwerekana mchere.

Nkhondo yeniyeni inkachitikira pa foni, pagulu la anthu a kuchilumbako, ndipo mkulu wa asilikali anali amuna angawa, ali khale pakhonde ku Kawe. Akangosamba m'manja ankatenga foni n'kuyamba kujambula mawu, uthenga umodzi kutalika kuposa ulaliki wa pa Pasaka. Ndi iwo amene anapereka nzeru yoti amayi a kwaya aziima padoko Lamulungu lililonse atavala zoyera, aziimba, kuti wotsika m'botimo atsike anthu akumuona nkhope, manyazi amugwire. Ndi iwonso amene anaumirira kuti pa msonkhano wogamula nkhaniyi mawu a pa foni asadzawerengedwe, wofuna kulankhula adzaime yekha pamaso pa anthu. Apa ankatchera anyamata a ku Joni, amene onse anali mbali ya Yohane. Nzeru zonse ziwiri zinavomerezedwa.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga ife Lamulungu timapita kutchalitchi pa chiyani, si pa daladala, minibasi ya kuno? Dalaivala uja ndi kondakitala wake alibe mzimu?

"Mayi, kuno n'kuchilendo, zinaonongeka kale," anatero. "Koma munthu ayenera kukhala ndi malo amodzi padziko oti akawakumbukira mtima uzikhala pansi."

Malo okhazika mtima pansiwo anali atatha zaka zambirimbiri osapondako. Ngakhale maliro a mayi awo anawalirira pa foni yomweyo, n'kutumiza ya bokosi. Amene anadwazika ndi kuika anali achemwali awo aakulu, a Mereya. Koma mkazi wanzeru sanena zonse tsiku limodzi.

Msonkhano unaikidwa Lamulungu lina masana, mapemphero akatha, ndipo bambo a Esnati anati akalankhula okha pamaso pa anthu. Komanso sakanapita chimanjamanja. Anasankha thabwa la mlombwa lalitali ngati chitseko, n'kugobapo zilembo zikuluzikulu: PANO BOTI SILIIMA LAMULUNGU. M'munsi mwake anagoba tizilembo tonena kuti ndi mphatso yochokera kwa Barnaba wa ku Dar es Salaam, kuopa kuti anthu angaganize kuti chatsika kumwamba. Chikwangwanicho chinali choti akachizike padoko msonkhano ukangotha. Ine ananditenga kuti ndikaone abale, koma ndinadziwiratu kuti ntchito yanga yeniyeni ndi kugwira mbali ina ya thabwalo. Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima.

Tinapangana zonyamuka kumayambiriro kwa sabata kuti tikapeze boti la Loweruka ku Nkhata Bay mosathamanga. Botilo limanyamuka masana, likadzaza. Koma vanishi anachedwa kuuma. Atauma, iwo anaona kuti sakuwala mokwanira, n'kupakanso wina. Mapeto ake tinanyamuka Lachinayi m'mbandakucha, ndipo titafika ku shedi yawo ya ukalipentala ku Keko ndinaona ndi maso angawa akutenga bulangeti langa la paulendo n'kukulunga nalo thabwa.

Wa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, anayang'ana thabwalo, anayang'ana ife, n'kukweza mtengo. Tinalipingasa pamiyendo pathu, nsonga zonse ziwiri zitatulukira kunja ngati mapiko. Pa Manzese, pamene anthu amayala malonda mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu, phiko lakumanzere linakokola mulu wa mabeseni a pulasitiki. Mwini wake anatithamangira, ndipo mayina amene anatipatsa sindingawalembe pano. Bambo a Esnati anati satana wayamba kutekeseka, kusonyeza kuti ulendowu ndi wodalitsika. Ine ndinatsika n'kukatola mabeseni.

Pa siteji ya mabasi ku Mbezi kondakitala anafuna kuponya thabwalo m'buti, pansi pa matumba. Amuna anga anakana kwamtuwagalu. Anakangana mpaka dalaivala anayamba kuliza hutala, ndipo nkhani inatha pamene tinalilipirira ngati munthu wachitatu n'kuliimika chammbali m'kanjira ka pakati pa mipando. Aliyense wofuna kutuluka ankayenda ngati nkhanu, akutiyang'ana ndi diso loipa.

Kuseri kwa thabwalo kunakhala mayi wina wathupi lake, a Nyagondwe a ku Mzuzu, amene amapikula zitenje ndi nsapato kumsika wa Kariakoo. Tinadziwana tisanafike n'komwe pa Chalinze, poti Amalawi paulendo amazindikirana ndi kadandaulidwe. Pa Morogoro basi inadumpha bampu, bulangeti linasereka, iwo n'kuwerenga zilembo zija. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anafunsa dzina la chilumbacho, ndipo atalimva anayambiranso.

"Ndiye ndinu a Barnaba a pa foni aja? Zikomo kwambiri bambo, munandithandiza. Kale katundu wanga ankasowa womulandira padoko. Pano ndimangotumiza Lamulungu, ndikudziwa kuti makasitomala anga onse ali pompo, avala zoyera."

Bambo a Esnati anati limenelo ndi bodza la amalonda, amayi a kwawo sangachite zimenezo. A Nyagondwe sanatsutse, anangowatambasulira mtedza wokazinga pamwamba pa thabwa. Mpaka ku Mikumi, kunkhalango ya nyama zakutchire, maso a amuna anga anali pawindo, koma sindikhulupirira kuti mbidzi ankaziona. Pa Ruaha Mbuyuni, pamene basi imaima kuti anthu adye, iwo anakana kutsika poopa kuti wina angakande vanishi. Ndinawagulira chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, iwo n'kudyera momwemo, dzanja lina lili pa thabwa.

Pa phiri la Kitonga, pamene msewu umapindikapindika pokwera, tinapeza mdipiti wa magalimoto utaima. Lole yonyamula zitsulo inali itapingasa pakona, kutseka njira yonse. Kondakitala anapita kukaona, n'kubwerako akuti mphindi zisanu zokha. Kuno munthu akakuuzani kuti mphindi zisanu, yalani mphasa. Anthu anatsika, ena n'kugona pansi pa basi pothawa dzuwa. Ogulitsa chimanga chootcha anatulukira m'tchire ngati anachita kupangana ndi loleyo, ndipo mtengo wa chimanga unkakwera pamodzi ndi njala yathu.

Munthu wina akanangokhala n'kumadikira, koma osati amuna anga. Anati thabwa likufuna kupitidwa mphepo. Tinalitulutsa, analivundukula, n'kuliyedzeka pamwala m'mbali mwa msewu. Anthu osowa chochita anasonkhana, wina n'kufunsa kuti zilembozo zikutanthauza chiyani. Imeneyo ndiye inali mphatso ya tsikulo. Amuna anga anakonza kolala, n'kuyamba kufotokoza m'Chiswahili chawo cha ku Keko, kuyambira pamene tchalitchi choyamba chinamangidwa pachilumbapo.

Bambo wina wachikulire wovala mkanjo, wa Chisilamu, amene ankapita ku Iringa, anamvetsera mwaulemu mpaka pamapeto. Kenako anati maganizowo ndi abwino kwambiri, ntchito ya thabwa ndiye yosachita kunena, chalakwika ndi tsiku lokha, likanakhala Lachisanu. Asanamalize, mphunzitsi wina wa ku Mbeya, wa mpingo wopembedza Loweruka, anati onse awiri asochera. Anafunsa kuti nanga boti limene tikuthamangirali ndi la tsiku liti. Atamva kuti ndi la Loweruka anapukusa mutu mwachisoni, n'kulonjeza kuti atipempherera. Amuna anga anatupa. Iwo, mkulu wa mpingo, kupemphereredwa ngati wophwanya Sabata! Anakangana atatuwo mpaka dzuwa linabisala kuseri kwa phiri, aliyense akuloza thabwa lomwelo.

"Bambo, khomani zitatu, aliyense chake," anatero a Nyagondwe akukukuta chimanga. "Botilo tingolisandutsa khola la nkhuku."

Tinagona m'basi momwemo. Kuphiriko kumazizira, ndipo bulangeti langa linafunda thabwa. Amene anandimvera chisoni n'kundibwereka chitenje chatsopano cha pa mpukutu wamalonda anali a Nyagondwe omwewo, mdani wa Sabata uja. Ndinapsa mtima usiku umenewo, ndisaname, ndipo mlombwa uja ukanakhala pafupi ndi moto wa ootcha chimanga bwenzi nkhaniyi itathera pa Kitonga.

Njira inatseguka Lachisanu dzuwa litakwera kale. Iringa, Mafinga, Makambako, zonsezi tinangozidutsa dalaivala akuthamangitsa nthawi imene inali itapita kalekale. Tinatsika pa Uyole kukuda, miyendo itatupa, n'kupeza kachipinda kogona. Amuna anga anali asanataye mtima. Anati tikawoloka malire chipata chikangotsegulidwa, boti la masana tilipeza, makamaka poti wotchi ya ku Malawi imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Tanzania.

"Mwaona mayi? Mulungu anatisungira ola lathunthu pa Songwe."

Ndinawauza kuti ola ndi ngati ndalama yotola, silichedwa kupeza ntchito.

Loweruka m'mamawa tinakwera kabasi kotsetserekera ku Tukuyu, kudutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi, mpaka pa Kasumulu. Mbali ya Tanzania sanativute. Mlatho wa Songwe tinauwoloka wapansi, iwo kutsogolo, ine pambuyo, thabwa lili pamitu, ngati anthu onyamula wodwala. Osintha ndalama ankatitsata akutiitana mayina okoma, ana akutiseka.

Mbali ya kwathu tinapeza mtsikana wa yunifomu woona za katundu. Anayang'ana mtolo wathuwo n'kufunsa kuti n'chiyani. Ine ndinati ndi thabwa la pakhomo, si lamalonda, ndipo mwana wa eni ake anali atakweza kale dzanja kuti tizipita. Koma bambo a Esnati sakanalola kuti ntchito yawo itchedwe thabwa la pakhomo. Anamasula zingwe, anavundukula bulangeti, n'kuyambanso mbiri ija, ulendo uno m'Chichewa, choncho inatalika kuposa ya pa Kitonga. Mtsikanayo atamva kuti n'chikwangwani chokazika padoko kuti maboti asamaime, anati nkhani imeneyi yamukulira, tidikire akuluakulu. Akuluakuluwo anali kumzere wa malole, ndipo mzerewo sunkaoneka pothera.

A Nyagondwe anatipeza pabenchi atamaliza zawo zonse. Anatenga chitenje chawo, anandikumbatira, kenako anatembenukira kwa amuna anga n'kunena kuti katundu wawo wa kuchilumba tikamuyang'anire bwino m'boti mawa. Amuna anga anati phazi lawo silidzaponda m'boti la Lamulungu, kuli bwino asambire.

Ola la Mulungu lija linathera pabenchipo, n'kuitananso anzake. Akuluakulu aja atabwera anawerenga zilembo, anafunsa ngati tikugulitsa, anaseka pang'ono, n'kutiuza kuti tizipita. Anangowonjezera kuti vanishi wapakidwa bwino. Tikutuluka pachipata, ine mtima uli m'mwamba ndi nthawi, amuna anga anandifunsa ngati ndamva zimene bwana uja wanena za vanishi.

Maminibasi a ku Karonga anakana thabwalo, wina pambuyo pa mnzake. Amene anatitola anali dalaivala wa lole wa ku Lilongwe, wochokera kudoko la Dar es Salaam ndi feteleza. Anati kwa iye thabwa limodzi n'chimodzimodzi nthenga. Munthu wabwino, wokonda kucheza, koma lole yake inali yodzaza mpaka kukhosi. M'chigwa cha Karonga inkayenda ndithu. Titayamba kukwera pa Chiweta inayamba kubuula, ndipo pena pake mayi wina wosenza nkhuni anatipitirira, n'kutipatsa moni. Bambo a Esnati ankayang'ana wotchi, kuyang'ana dalaivala, kuyang'ananso wotchi. Tili m'mapiri momwemo anaimba foni ku Nkhata Bay. Anawauza kuti boti la Loweruka ladzaza msanga, lapita kale. Kuchokera pamenepo mpaka ku Mzuzu sanayang'anenso wotchi, anangozyolika, ndipo dalaivala anandifunsa chapansipansi ngati madala akudwala.

Tinafika ku Nkhata Bay usiku pa takisi, thabwa litamangidwa padenga. M'mawa kutacha, linali Lamulungu. Mabelu a matchalitchi ankalira, ndipo padoko panali boti limodzi lokha lopita kuchilumba, la Yohane, anyamata akukweza matumba.

Amuna anga anavala suti, anapukuta nsapato, n'kuyamba kuzungulira pamchenga ngati nkhuku yofuna poikira. Anapita kwa msodzi wina amene ankasoka ukonde n'kumupempha kuti atiwolotse mwapadera. Msodziyo anavomera, anatchula mtengo, kenako anawerenga thabwa lija n'kufunsa kuti nanga lake si boti? Amuna anga anamusiya. Anaimbira foni wapampando wa msonkhano kupempha kuti ausunthe ukhale mawa. Wapampandoyo anati anthu auzidwa kale. Anapempha kuti mwina alankhule pa foni, wina aikweze mawu. Ine ndinali pafupi, yankho ndinalimva ndekha.

"Pepani a Barnaba, lamulo lija munapereka ndinu. Wofuna kulankhula aime yekha pamaso pa anthu."

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wa amuna anga sunachite kusiyidwa, unali utatsogola pa foni n'kukatidikirira. Zinali poyera tsopano: kuti akaletse boti la Lamulungu, ankayenera kukwera boti la Lamulungu, n'kukatsika pamaso pa kwaya imene anaiika okha. Akapanda kukwera, msonkhano uchitika popanda iwo, ndipo thabwa tibwerera nalo ku Kawe.

Tili chiimire, kunabwera bambo wachinyamata wovala kabudula, manja ali ndi oyilo. Anagwira chipewa pamtima n'kuwerama pang'ono.

"Malume, takulandirani. Ndine Yohane. Mawu anu timawamva bwinobwino pa foni, mumalankhula momveka. Malo alipo kutsogoloku kosathovokera madzi. Thabwalo sililipira."

Akanawanyoza bwenzi zili bwino, akanapeza poyambira. Koma pa ulemu umenewo amuna anga anasowa pogwira. Anayang'ana nyanja nthawi yaitali, kenako anandiuza ndi mawu a paguwa kuti akukwera lero kuti mawa wina asadzakwerenso. Ndinawauza kuti aliyense wa m'botimo ali ndi chifukwa chake chokoma ngati chimenecho, n'kunyamula mbali yanga ya thabwa.

M'botimo munali gogo wina wotuluka m'chipatala, atagona pamatiresi, mwana wake wamkazi akumutchingira dzuwa ndi ambulera. Munali mphunzitsi wofuna kukapezeka m'kalasi Lolemba, matumba a ufa ndi shuga, makatoni a sopo, ndi mitolo itatu ya zitenje imene ndinaizindikira kamangidwe kake. Amuna anga anauza anyamata kuti thabwa aligoneke chafufumimba. Kenako analivula bulangeti, ndipo kwa nthawi yoyamba chinyamukire ku Keko linafunda munthu: anadzifunda okha kumutu. Nyanja inali yabata, ndipo tinayenda bwino kuposa pamsewu paliponse.

Nyimbo tinaimva tisanaone nkhope za anthu. Chilumba chitayandikira ndinaona mzere woyera pamchenga, amayi a kwaya, mipango yoyera, mabulauzi oyera, akuimba mwamphamvu nyimbo yochenjeza osochera. Kutsogolo kwawo kunali alamu anga a Mereya, atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira, akutsogolera ndi dzanja limodzi. Kuimbako kunali kokoma.

Boti linaima pamadzi ofika m'mawondo, anthu n'kuyamba kutsika atakwinya zovala. Ndiye ndinaona zimene ananena a Nyagondwe. Mayi wa kumzere wakumbuyo ankachoka mwakachetechete, osasiya kuimba, n'kulandira katoni ya sopo, kukaiika pansi pa mtengo, n'kubwerera pamalo pake. Akabwerera, mnzake n'kunyamuka. Wina anasenza thumba la shuga pakamwa pakutulukabe mawu achiwiri. Gogo wodwala uja anatsitsidwa ndi amayi anayi a zoyera zomwezo, mmodzi akulira, poti anali bambo ake. Nyimbo sinaduke ngakhale pang'ono.

Onse anatsika, kupatula munthu mmodzi wa suti amene anali atakhala pansi pakati pa mabenchi, bulangeti lili kumutu. Yohane anawanong'oneza kuti boti silichedwa, libwerera ku Nkhata Bay posachedwa, ndipo akatsalamo ndiye kuti akwera Lamulungu kawiri. Bulangeti silinagwedezeke. Ine ndinakwinya chitenje n'kutsika, poti uthenga wa pa foni sindinatumizepo ndi umodzi womwe. Ndinapita kwa alamu anga n'kugwada pamchenga. Anandiyang'anitsitsa, dzanja lotsogolera nyimbo lija linaima m'malere, n'kundifunsa ngati ndabwera ndekha. Ndinaloza botilo ndi mlomo.

A Mereya sanavule nsapato, sanakwinye siketi. Analowa m'madzi ndi zoyera zawozo, pang'onopang'ono, mpaka anagwira m'mphepete mwa boti. Nyimbo inayamba kuchepa, mmodzimmodzi akusiya, mpaka padoko panangotsala phokoso la madzi.

"Barnaba, vundukula mutu."

Bulangeti linatsika. Amuna anga, amene anayankha Msilamu ndi wa Loweruka pa Kitonga, amene anaphunzitsa a pachipata mbiri ya mpingo, anangoweramitsa mutu pamaso pa achemwali awo.

"Mulungu anakupatsa Lolemba, sunabwere," anatero a Mereya, osakweza mawu. "Anakupatsa Lachiwiri mpaka Loweruka, zaka zonsezi, sunabwere. Amayi anamwalira Lachitatu, boti linalipo. Lero wabwera, ndiye ndikubweze chifukwa n'Lamulungu? Tsika, ndakalamba ine, madziwa akuzizira."

Anaimirira, koma anayang'ana nsapato zopukuta zija, n'kuyang'ana madzi. Alamu anga anauza Yohane kuti atenge thabwa limene lagona m'botilo aliyale mpaka pamwala, mwana wa mayi awo asanyowe. Yohane anayang'ana mwini thabwa. Mwini thabwa anangogwedeza mutu. Yohane analiyala monga linalili, zilembo zili pansi, ndipo bambo a Esnati anatsikirapo, achemwali awo atawagwira dzanja ngati mwana wophunzira kuyenda.

Belu la msonkhano linalira tili m'njira yokwera kumtunda. Anthu anakhotera kumtengo waukulu wa kutsogolo kwa tchalitchi. A Mereya sanakhote, anapitirira kuseri, kumene kuli manda a mpingo, dzanja lija asanalisiye. Anaima pa mtumbira wina wozunguliridwa ndi miyala yopakidwa laimu, n'kunena kuti, "Amayi, uyu Barnaba." Amuna anga anagwada ndi suti yomweyo. M'zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawamvepo akulira mokweza, ndipo ine, amene ndinawasungira mawu ambiri kuchokera pa Manzese, ndinawamvera chisoni mpaka ndinalira nawo.

Kuseri kwa khoma tinkamva wapampando akuitana olankhula. Anaitana a Barnaba a ku Dar es Salaam. Anadikira, n'kuitananso. Amuna anga anamva, poti mapewa awo anagwedezeka, koma sanadzuke. Wapampandoyo anaitana wina.

Msonkhanowo unatha ngati misonkhano yonse, anasankha komiti yoti ikaunikenso nkhaniyo. Mpaka lero boti likuyenda, kwaya ikuimba, sopo akufika. Bambo a Esnati pagulu la pa foni paja masiku ano amangolemba kuti ameni, ndipo akutolera matabwa oti akakonzere achemwali awo chitseko mvula isanayambe. Tsiku lokakwera boti sananene, ndipo ine sindinafunse.

Thabwa lija linatsala padoko. Yohane anatiimbira mwezi wathawu, akuti anthu akutsikirapo sabata ndi sabata, ndi matumba omwe, koma silinapindike ngakhale pang'ono. Ndinakuuzani kale, ntchito ya manja awo palibe amene angainyoze.